Lumo la Anganga Lingametenso

Anganga anga aamuna anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Loweruka lililonse dzuwa likapendeka ankakhala pakhonde, kagalasi atakayedzeka pazenera, beseni la madzi otentha lili pambali, n'kutulutsa lumo lawo lopinda lachigwiriro chakuda. Asanaliyandikize kumaso ankayamba akoleka lamba wachikopa pamsomali wa pamzati n'kumaliyendetsa pamenepo, kupita ndi kubwera, phokoso lake ngati munthu akusesa pabwalo louma. Ana tinkaonerera tili potero, chifukwa kuligwira kunali koletsedwa. Atatisiya, lumolo linalowa m'bokosi lachitsulo limodzi ndi makadi a kutchalitchi ndi ziphaso zakale za msonkho, ndipo linagona mmenemo zaka zoposa 20. Tsiku limene ndinalitulutsa linali psuu ngati dothi la m'munda wa tiyi. Ndi lomwelo ndikumetera lero.

Malumo otere akadalipo m'makomo mwathu muno, kungoti anthu sakuwadziwa. Ena akusendera chinangwa, ena anapita kwa ogula zitsulo zakutha pamtengo wa pasikelo. Zimandiwawa, chifukwa chitsulo chake n'cholimba kuposa cha mipeni imene tikugula masiku ano, ndipo ambiri akhoza kudzuka. Chimene muyenera kuchigwiritsa kuyambira pano ndi ichi: chitsulo chimene mwapala sichibwereranso. Pena paliponse pofuna kupala kapena kunola, chotsani chochepa chokhacho chimene chikufunika, kenaka lekani.

Kuti timvane, mbali zake ndizizitchula motere. Kumene kumameta ndi mlomo. Kumbuyo kwake kokhuthala ndi msana. Kachitsulo kopapatiza kamene zala zimagwira, pamene pamadindidwa dzina la opanga, ndi khosi. Timatabwa tiwiri timene lumo limabisalamo likapindidwa ndi chigwiriro, ndipo timagwirana ndi timisomali tamkuwa, kena pakhosi kena kumapeto.

Kumene mungakalipeze

Malumowa anabwera ndi anthu. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1920 maesiteti anali atafalikira ku Thyolo, monga Satemwa imene inayamba mu 1923. Azungu a m'maesiteti, amishoni, masitolo a Mandala ndi a amwenye a ku Limbe, onsewa ankabweretsa katundu wa ku Ulaya. Bwana akamabwerera kwawo, tinthu ting'onoting'ono ankasiyira wophika, kapitawo kapena kalaliki. Malumo ena analowa m'zikwama za asilikali a KAR (King's African Rifles) pochokera kunkhondo, ena m'masutikesi a abambo amene anapita ku Joni pa Wenela kapena ku Salisbury. Kenaka lezala lotaya, limene King Gillette anatengera chiphaso mu 1904, linalanda msika pang'onopang'ono, malumo opinda n'kutsikira pansi pa mabokosi.

Ndiye yambirani kwanu. Koma musafike ngati wavenda. Katundu wa malemu ali ndi eni ake, ndipo kwathu kuno mwini mbumba ayenera kudziwa. Ine ndinapita kwa amalume nditanyamula shuga ndi sopo, tinacheza za mvula ndi za kumunda, kenaka ndinati, "Amalume, kodi lumo lija ankametera anganga likadalipo?" Anakhala duu kanthawi n'kuti, "Lilipo, koma linatha ndi dzimbiri. Ukalitani iwe?" Nditafotokoza anati, "Tenga, koma ukalikonza udzandionetse."

Pomwepo funsaninso zinthu ziwiri zimene zimayenda ndi lumo, lamba ndi mwala wonolera. Mwala makamaka. Anthu amauyesa wachabechabe n'kumanolerapo zikwanje. Mukapatsidwa kamwala kosalala kwambiri, kachikasu pamwamba koma kabuluu modera kunsi, kameneko n'kochokera ku Belgium, ndipo kakuthetserani vuto lalikulu kwambiri pa ntchito yonseyi.

Kwanu kukakanika, yendani m'misika ya Limbuli, Chitakale, Luchenza ndi Bvumbwe, kumene amayala maloko akale, masipanala ndi zitsulo za njinga. Chezani ndi okhoma ndowa, ogula zitsulo zakutha, ndiponso ometa achikulire amene ankameta anthu pansi pa mtengo makina amagetsi asanabwere. Khalani ndi chithunzi chake pafoni, popeza mukangoti lumo ena akubweretserani lezala.

Musanapereke ndalama

Litengereni padzuwa. Litseguleni mofatsa, zala zili kumsana, ndipo muyambe ndi mlomo. Mukaona mng'alu, ngakhale wochepa ngati tsitsi, wochoka pamlomo kulowera kumsana, lisiyeni. Umenewo ulibe mankhwala. Maso akamakunamizani, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Kubenthuka kwakung'ono, kosafika milimita imodzi, kumatha pamwala. Kwakukulu kumadya chitsulo chochuluka ndi masiku anu ambiri.

Dzimbiri la pamsana ndi pakhosi lisakuopseni, pamenepo chitsulo n'chokhuthala. Loopsa ndi limene lakumba timaenje takuda pafupi ndi mlomo. Lumo lotere mukamalinola, mlomo umangoyoyoka, mukadutsa dzenje limodzi n'kupeza lina. Onaninso maonekedwe a mlomowo. Wowongoka, kapena wotulukira pang'ono pakati ngati mimba, ndi wabwino. Wolowa m'kati ngati zenga ndi ntchito ya munthu wozolowera. Msana wophwatalala, wokhala ndi mzere waukulu wonyezimira, ukukuuzani kuti lumolo linanoledwa mpaka kutopa. Ndipo mukaona mtundu wa buluu kapena wofiirira ngati udzu wouma m'mphepete mwa mlomo, dziwani kuti wina analipsereza pa makina.

Kwa woyamba kumene, labwino ndi lotambalala mamilimita 16 kapena 19, amene opanga ankawatchula kuti 5/8 ndi 6/8 ya inchi.

Tsopano pukutani khosi ndi chala muwerenge. Mayina a mizinda ndi amene amanena zambiri. Sheffield ndi ku England, ndipo kumeneko kunali Wade & Butcher, Joseph Rodgers & Sons amene chizindikiro chawo ndi nyenyezi ndi mtanda, George Wostenholm amene ankadinda I*XL kapena kaliwo, komanso Kropp. La anganga anga linalembedwa Bengall, la T. R. Cadman & Sons a ku Sheffield komweko. Solingen ndi ku Germany, kwawo kwa Henckels wa chizindikiro cha mapasa, Böker, Puma ndi Dovo imene inayamba mu 1906. Eskilstuna ndi ku Sweden, kwa Heljestrand ndi E. A. Berg, ndipo Thiers ndi ku France. Mukaona dzina la umodzi mwa mizinda imeneyi, nkhawa ya chitsulo ichepe. Palinso kachizindikiro ka zaka. Kuyambira mu 1891 lamulo la ku America linkafuna kuti katundu wolowa kumeneko alembedwe dziko lochokera, choncho lumo lolembedwa Sheffield n'kuwonjezerapo England kawirikawiri n'lopangidwa chakacho chitadutsa. Atsopano onyezimira otchipa, opanda dzina la mzinda, ambiri sagwira mlomo ngakhale muwanole bwanji. Bola lakale ladzimbiri.

Chigwiriro chili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi pulasitiki yakale yotchedwa celluloid, imene ankaipanga mofanizira nyanga, chigoba cha kamba wa m'nyanja kapena mnyanga wa njovu. Ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo. Mudzaizindikira poona kuti dzimbiri lagwira mbali yokhayo imene imabisala m'chigwiriro, pamene msana uli bwinobwino, ndipo nthawi zina pamamveka kafungo kowawasa. Chigwiriro chotere chichotseni tsiku lomwelo, musachisunge pafupi ndi malumo ena, ndiponso musachiyandikize kumoto chifukwa chimayaka msanga. Msampha wachiwiri ndi mnyanga wa njovu weniweni. Fupa limakhala ndi timadontho ndi timizere takuda, pamene mnyanga ndi wosalala, wopyapyala, wotuwa ngati mkaka. Mukaukayikira, musagule ndipo musagulitse. Lamulo la nyama zakutchire limene linakonzedwanso mu 2017 limafika mpaka zaka 30 m'ndende. Ngati ndi la m'banja mwanu, kafunseni ku nthambi yoona za nyama zakutchire.

Pa mtengo ndinene mawu amodzi okha. Kwa wamalonda nenererani monga mwa nthawi zonse, koma nkhalamba ya kumudzi imene sikudziwa chimene yasunga musaidyere masuku pamutu.

Kuchotsa dzimbiri

Apa ndi pamene ndinaphera lumo langa loyamba kugula. Linali la ku Solingen, lopyapyala bwino, ndipo ndinkafuna liwale tsiku lomwelo. Ndinalipereka kwa wowotcherera wina kuti alidutsitse pa galainda. Sipanathe mphindi, moto uli thethethe, mlomo unasanduka wabuluu. Kutentha kunachotsa kulimba kumene osula anaikamo, ndipo kuyambira pamenepo mlomo wake unkangopindika ngati chitini. Mnyamatayo anachita zimene ndinamutuma, sankadziwa kuti pamlomo wa lumo chitsulo n'chopyapyala kuposa pepala. Ndimalisungabe kuti ndizionetsa anthu. Lumo lisayandikire galainda, moto, kapena wonola mipeni wa pamsika.

Musaliviikenso mu viniga, mandimu kapena zakumwa za m'botolo monga amachitira ndi masipanala. Asidi amachotsadi dzimbiri, koma amadetsa chitsulo n'kudya mlomo. Jiki ndiye woipiratu.

Yambani ndi kulibunthitsa dala. Yendetsani mlomo kawiri kapena katatu pamlomo wa botolo lagalasi, mopepuka. Mudzalinola pambuyo pake, pakali pano tetezani zala. Mukadzicheka ndi chitsulo chadzimbiri, tsukani ndi sopo ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata kuchipatala.

Tsukani lumo ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakutha, makamaka pakhosi ndi m'kati mwa chigwiriro, mmene mumakhala litsiro la zaka zambiri. Pukutani, liume ndithu. Kenaka pakani oyilo wa makina osokera, lisiyeni usiku wonse. M'mawa khulani ndi sitiliwulo wosalala kwambiri, kapena kapepala konyezimira ka aluminiyamu kofwinyafwinya. Pa timadontho tating'ono ngakhale nsonga ya pensulo imagwira ntchito. Pukutani muone chatsala.

Apa imani muganize. Dzimbiri lofiira ndi lamoyo, likudyabe, liyenera kuchoka lonse. Mabala otuwa kapena akuda osalala ndi ukalamba chabe, sawononga kanthu. Ine ndimawasiya. La anganga lili ndi kabala kakuda pafupi ndi khosi, pamene chala chawo chachikulu chinkakhala, ndipo sindingakachotse. Ngati pachitsulo pali zolemba kapena zokongoletsa zagolide, dziwani kuti sandipepa azifafaniza pakangodutsa kamphindi. Pamenepo pakani polishi wa zitsulo yekha, monga Autosol, ndi kansalu, ndipo pagolide penipeni musakhudze n'komwe.

Dzimbiri likakhala lozama, ndiye sandipepa. Gulani wakuda uja wogwira ntchito ndi madzi, amene amagwiritsa ntchito openta magalimoto. M'mahadiweya a paboma mupeza manambala otsika, koma 1500 ndi 2000 mwina mukawapeze ku Limbe kogulitsa penti wa magalimoto. Goneketsani lumo pathabwa losalala, mlomo utagona pathabwapo osalendewera, kuti ungathyoke. Kulungani kachidutswa ka sandipepa pa chofufutira cha pensulo kapena kapaipi ka labala kuti kalowe bwino m'chigwa cha lumo. Donthezani oyilo. Yambani ndi nambala 400. Mukaona kuti sakukwanitsa m'pamene mutsikire pa 220, osati kuyambira pamenepo. Kenaka 600, 800, 1000, 1500 mpaka 2000, osadumpha. Nambala ina khulani motsata utali, yotsatira mopingasa, kuti muzitha kuona ngati mikwingwirima ya nambala yapita ija yatha. Ikapanda kutha musapitirire, chifukwa nambala zapamwamba siziichotsa, zimangoiwalitsa. Pafupi ndi mlomo musatsindike. Ndipo timaenje takuya musatithamangitse mpaka pansi. Dzimbiri lofiira likangochokamo, tisiyeni.

Ndi ntchito ya madzulo angapo. Ine ndimaigwira nditakhala pakhonde, wailesi ikulankhula. Malizani ndi polishi.

Chigwiriro

Ngati chili cholimba, chosang'aluka, ndipo lumo likutsekeka pakati osagunda m'mbali, musachimasule. Likamagwedera, ikani kamsomali ka pakhosi pamwamba pa chitsulo cholimba, ngati mutu wa hamala yaikulu, n'kumenya mutu wake pang'onopang'ono ndi kumbuyo kwa sipuni yolemera. Kumenya kochuluka kopepuka, mbali iyi ndi inayo, mukuyesa kutsegula ndi kutseka. Kumenya kamodzi kwamphamvu kumapinda kamsomali kapena kung'ambula chigwiriro.

Chigwiriro cha nyanga chimaoneka ngati chakufa, chotuwa, chosendeka, mwina chobooledwa ndi tizilombo. Musafulumire kuchitaya. Chiviikeni masiku awiri kapena atatu mu mafuta opaka makanda aja oyera ngati madzi, mudzaona chikuda n'kuyamba kuwala. Timabowo tsekani ndi supagulu wosakaniza ndi fumbi la nyanga yomweyo, kenaka salazani. Chikakhala chokhota, chiviikeni m'madzi otentha chili chomasula, n'kuchipanikiza pakati pa matabwa awiri mpaka chizizire.

Pofuna kumasula, matani tepi mozungulira kamsomali kuteteza chigwiriro, palani mutu wake ndi tupa mpaka uthe, n'kukankha kamsomaliko ndi msomali wowonda wobunthitsa. Tiziwashala timene tituluke tisungeni m'kabokosi ka machesi, n'tovuta kupeza. Samalaninso kachidutswa kamene kamakhala pakati pa timatabwa kumapeto. N'kokhuthala mbali imodzi, kopyapyala inayo, ndipo ndi kamene kamachititsa kuti chigwiriro chitseguke ngati uta n'kugwira lumo bwino.

Chikakhala chotheratu, pangani china. Zidutswa zotsala kwa akalipentala za mlombwa kapena mbawa zimakwana, ndipo nsungwi yokhwima youma bwino ndi yopepuka, yosaopa madzi. Nyanga ya ng'ombe imapezeka kwa ophera nyama. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje ayi. Watsala pang'ono kutha, ndi wotetezedwa, komanso ndi wofewa pa ntchito imeneyi. Palani timatabwa tiwiri tifike mamilimita 3 kapena kucheperapo pang'ono, timatanitseni ndi kapepala pakati, jambulanipo chigwiriro chakale, semani ndi kuboola zonse pamodzi kuti mabowo alingane, kenaka lekanitsani ndi mpeni. Pakani vanishi mbali zonse, m'kati momwe. Timisomali dulani ku waya wamkuwa wa mamilimita 1.6, uja amawotcherera nawo ndi gasi. Siyani kansonga kosafika milimita imodzi mbali iliyonse, n'kukaphwatalalitsa ndi kumenya kopepuka kuja. Yambani ndi kumapeto, malizani ndi pakhosi.

Kunola

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lumo silinoledwa ngati mpeni. Mpeni mumaudzutsa msana, lumo ayi. Opanga analinganiza kukhuthala kwa msana ndi kutambalala kwa chitsulo kotero kuti mukaligoneka pamwala, msana ndi mlomo zonse zikukhudza, kupendekeka kwake kumadzikhalira kokha, pafupifupi madigiri 16. Msana ukangodzuka kamodzi, mwabwerera pambuyo.

Mwala wa mbali ziwiri wa m'mahadiweya, wonolera zikwanje ndi matchizulo, ndi wokhakhala kwambiri, ungobenthula mlomo. Pamafunika miyala ya madzi ya nambala 1000, ina ya 3000 kapena 4000, ndi ya 8000. Ilipo ya mbali ziwiri imene imachepetsa mtengo, ndipo m'bale wa ku Joni kapena wogula pa intaneti angakupezereni. Mukasowa, ntchito yoyamba imatheka ndi sandipepa wa 1000, 1500 ndi 2000 womunyowetsa n'kumumata pa galasi lokhuthala, monga la zenera la maluvazi. Pa sandipepa muziyendetsa lumo msana uli patsogolo kuti lisacheke pepala. Koma ndinene zoona, 2000 payekha sakwana kumeta nkhope mosapweteka. Pafunikabe mwala wosalala womalizira, ngati wa ku Belgium uja, kapena phala lobiriwira lopolishira zitsulo lopaka pachikopa china chapadera.

Mwala uyenera kukhala wathyathyathya. Jambulani mizere ya pensulo pamwamba pake, ukhuleni pa sandipepa wa 400 ali pagalasi ndi madzi mpaka mizere yonse ifufutike. Salazaninso ngodya zake.

Matani tepi yamagetsi imodzi pamsana wa lumo kuti usadyeke, ndipo muziisintha ikayamba kutha. Mukayamba ndi tepi, malizani nayo pa miyala yonse. Pakani inki ya maka m'mphepete mwa mlomo mbali zonse ziwiri. Thirani madzi pa mwala wa 1000, gonekani lumo, likankheni mlomo uli patsogolo ngati mukufuna kusenda kachikopa ka mwalawo, mukulitsetsereka cham'mbali kuti kuyambira kukhosi mpaka kunsonga kudutse pamwala. Mukafika kumapeto, litembenuzireni pamsana, osati pamlomo, n'kubwerera. Mukatero kasanu, yang'anani inki. Pamene yatsala, mwala sukufikapo. Sinthani kagwiridwe, mwina kupendeketsa pang'ono kuti khosi litsogole, mpaka inki izichoka ponseponse.

Pa mwala woyambawu ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Mbali ziwiri za mlomo ziyenera kukumana, kuchokera kukhosi mpaka kunsonga. Lumo logona zaka zambiri lingafune ola lathunthu kapena kuposa, chifukwa chitsulo cha m'mphepete mwenimweni mwa mlomo chimakhala chofumbwa ndipo chiyenera kutha kuti mufike pa chabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofuna kudziwa ngati mwafika, lozetsani mlomo kumwamba pansi pa kuwala. Mlomo wokumana bwino suoneka. Pamene pakunyezimira kamzere kapena kadontho, pamenepo sipanathwe. Kenaka yesani paubweya wa pamkono, kukhosi, pakati ndi kunsonga. Lizimeta mosavuta malo onse atatu. Likakanika pamodzi, musapite pa mwala wotsatira poganiza kuti ukakonza. Sukonza. Anthu ambiri amene amadandaula kuti lumo lawo likukoka ndevu anathawa msanga pa 1000.

Zotsalazo n'zopepuka. Pa 3000 kapena 4000 pitani ndi kubwera ka 30 kapena 40, mpaka mikwingwirima ya mwala woyamba ithe. Pa 8000 ka 20 kapena 30, dzanja lopepuka, kulemera kwa lumo lokha. Muzitsuka lumo ndi manja posintha mwala, kuti mchenga wa wokhakhala usafike pa wosalala. Ngati muli ndi wa ku Belgium, ukhuleni ndi kamwala kena kosalala utuluke madzi oyera ngati mkaka, nolani mukuthirira madzi pang'onopang'ono mpaka mumalize ndi madzi okhaokha.

Lamba, kumeta ndi kusunga

Lamba sanola, amangowongola ndi kusalaza mlomo, ndipo amafunika nthawi iliyonse musanamete. Pezani chikopa chosalala, chopanda ulusi, zibowo kapena maluwa odinda, chotambalala zala zitatu. Osoka nsapato angakudulireni. Kolekani, kokani chilimbe. Apa lumo limayenda mosiyana ndi pamwala, msana patsogolo, mlomo ukutsatira. Potembenuka, pamsana. Chitani ka 40 kapena 50, mosathamanga. Masiku oyamba mudzacheka lamba, choncho phunzirirani pa lamba wakutha kapena pa nyuzipepala yopinda, mutagoneka patebulo. Mukamaliza, gwirani tsitsi limodzi m'zala n'kuligusitsa pamlomo. Likaduka lokha, mwayandikira. Koma woweruza weniweni ndi tsaya lanu.

Lisanafike pankhope, litsukeni ndi sopo n'kulipukuta ndi sipiriti, chitsulo chokha, osati chigwiriro. Musaliwiritse. Ndipo lumo limeneli ndi la munthu mmodzi. Kachilombo ka HIV ndi ka matenda a chiwindi a mtundu wa B timadutsira m'magazi, ndipo ka chiwindiko kamatha kukhala ndi moyo pachitsulo masiku 7 kapena kuposa. Musabwereke, musabwereketse, ngakhale kwa achimwene anu, ngakhale pa kumeta kwa pamaliro. Ometa anthu ambiri agwiritse ntchito chija chosintha malezala.

Metani mutangosamba madzi otentha, ndevu zili zofewa, thovu lili lambiri ndi lonyowa. Tsegulani lumo mpaka chigwiriro chiloze kumwamba, chala chachikulu kunsi kwa khosi, zitatu pamwamba. Gonekani chitsulo patsaya, dzutsani msana pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa msanawo kawiri. Dzanja linalo likoke khungu. Tsikani motsata kumene ndevu zagonera, pang'onopang'ono, osatsindika, ndipo musaliyendetse cham'mbali motsata utali wa mlomo, kumeneko ndiko kudzicheka. Sabata yoyamba metani masaya okha, chibwano ndi pakhosi malizani ndi chimene munazolowera. Ndevu zathu ndi zopotana, ndipo zikadulidwa mozama zimabwerera m'khungu n'kutulutsa tiziphuphu. Choncho musamete mobwerera kumene zamerera, ndipo musakoke khungu mopitirira. Kudutsa kamodzi motsata n'kokwanira.

Nditalikonza ndinabwerera nalo kwa amalume monga tinapanganirana. Analitembenuzatembenuza, anawerenga dzina la pakhosi, anaika chala chawo pa kabala kakuda kaja n'kuti, "Apa m'pamene ankagwira bambo." Anandibwezera ndi manja awiri.

Mdani wotsala ndi chinyezi chathu chino. Malumo akalewa si a chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo kuno pakati pa mvula ya dzinja ndi chiperoni cha mu June ndi July, usiku umodzi ndi wokwana kuti dontho lofiira lituluke. Potsuka musanyowetse pakhosi pamene pali kamsomali, chifukwa madzi akalowa pamenepo satuluka. Pukutani chitsulo ndi kansalu kouma kuchokera kumsana, pititsani kapepala m'kati mwa chigwiriro, yendetsani palamba ka 10 kuti mlomo uume, lisiyeni lotsegula kanthawi pamalo pamene mwana sangafike. Kenaka kadontho ka oyilo wa makina osokera kapena Vaseline pang'ono. Mafuta ophikira ayi, amamata n'kuuma. Musalisiye kubafa kapena m'kachikwama kachikopa. Langa limagona m'chitini chotseka bwino, pamwamba pa wadilopu, limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Nyengo ya chiperoni ndimatsegula chitinicho Lamulungu lililonse, ngakhale sindikumeta, ndipo ndikaona kadontho ndimakachotsa pomwepo ndi nsonga ya pensulo n'kupakanso oyilo.